Mmene Mungaphunzirire Panokha Pakhomo Popanda Mphunzitsi Wapadera

Mwakhala patebulo maola atatu. Manotsi mwawawerenga kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, mawu ofunika mwawadulira mizere kunsi, ndipo mwakagona mtima uli m'malo. Patapita masiku anayi, pepala la mayeso lili patsogolo panu. Funso mukuliona kuti si lachilendo. Mukukumbuka ngakhale pomwe yankho lake lili, tsamba lakumanzere, m'munsi mwa chithunzi, koma mawu akewo akana kutuluka. Potuluka m'chipinda cha mayeso mumayamba kudziuza kuti mutu wanu ndi wouma, kapena kuti anzanu amakhoza chifukwa makolo awo amawalipirira mphunzitsi wapadera.

Kawirikawiri vuto silikhala mutu ayi. Tikafuna kunena kuti tikukonzekera mayeso timati "ndikuwerenga", ndipo timachitadi zomwezo, kuyendetsa maso patsamba basi. Mphunzitsi wapadera wodziwa ntchito yake sakuwerengerani buku. Amakusankhirani choti muphunzire lero, amakufunsani mafunso buku lili chitsekere, amakuchongerani mopanda chisoni, kenako amakubwezani ku zomwe munalakwa sabata yatha. Palibe ntchito ina mwa zinayizi yomwe simungathe kudzichitira nokha.

Zomwe mufunika kukhala nazo

- Silabasi ya phunziro lililonse. Ikasowa, mndandanda wa mitu womwe uli kumayambiriro kwa buku ungagwire ntchito.
- Buku lophunzirira ndi manotsi a m'kalasi.
- Mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, pamodzi ndi mayankho ake ngati alipo.
- Makope awiri: lina loyesereramo, lina lolembamo zolakwa zokhazokha.
- Mapepala otha ntchito omwe kumbuyo kwake kulibe kanthu. Mudzawatha ambiri.
- Zolembera za mitundu iwiri yosiyana, pensulo, chofufutira ndi rula.
- Wotchi. Ngati n'kotheka isakhale ya pafoni.
- Kalendala kapena pepala lalikulu lomata pakhoma.
- Timakadi todula kuchokera ku katoni yopyapyala, ndi maenvelopu atatu.

Foni ndi intaneti zimathandiza pena ndi pena, koma sizili pamndandandawu chifukwa zonse zotsatirazi zimatheka popanda izo.

1. Yambani ndi kudziyesa, musanatsegule buku

Lembani mitu yonse ya phunziro limodzi papepala, mutu uliwonse pamzere wake. Pa mutu uliwonse pezani funso limodzi kapena awiri, kumapeto kwa chaputala kapena m'mapepala akale, muyese kuyankha buku lili patali. Mukayankha bwino osakayikira, chongani. Mukayamba n'kuthera panjira, ikani kamzere. Mukangoliyang'ana funsolo ngati lalembedwa m'chinenero chachilendo, ikani mtanda.

Ntchitoyi ingakutengereni masiku awiri kapena atatu, ndipo siyosangalatsa, chifukwa mitanda imachuluka kuposa mmene mumaganizira. Komabe pepala limeneli ndi lomwe lidzikuuzani koyambira m'mawa uliwonse. Mukatha, yang'anani mapepala akale a zaka zingapo muone mitu yomwe imabwera kawirikawiri komanso yonyamula malikisi ambiri. Mutu wa mtanda womwe umabweranso chaka ndi chaka ndiwo woyamba kuugwira.

Onaninso mitu yomwe imakhazikika pa inzake. Munthu amene mafulakishoni amamuzunguza adzavutika ndi algebra ngakhale atakhalira usiku wonse, ndipo vuto lake silili mu algebra. Ngati mtanda wanu wachokera ku zinthu za kalasi yam'mbuyo, bwererani komweko. Palibe amene akukuonani.

*Chenjezo:* musachonge mutu chifukwa choti "tinaphunzira kale m'kalasi" kapena chifukwa ukuoneka wozolowereka. Chongani zomwe mwayankhadi papepala.

2. Lembani ndandanda ya ntchito, osati ya maphunziro

Ndandanda zambiri zimafa sabata yoyamba chifukwa zimangoti "Lolemba: masamu, Lachiwiri: bayoloje". Mukakhala pansi Lolembalo, theka la ola limatha mukutembenuza masamba, kusankha poyambira, ndipo mapeto ake mumasankha mutu womwe mumaudziwa kale. Lembani ntchito yeniyeni: "Lolemba: mafunso 10 a simultaneous equations", "Lachiwiri: kujambula mtima ndi kutchula zigawo zake osaonera". Ntchito yotere imakhala ndi mapeto, ndipo mumadziwa ngati mwaigwira kapena ayi.

Ikani phunziro lokuvutani panthawi yomwe mutu wanu umakhala wopepuka. Kwa ena ndi m'bandakucha, kwa ena ndi madzulo. Yesani zonse ziwiri kwa masiku angapo muone. Siyani tsiku limodzi pasabata lopanda ntchito yatsopano, lomalizira zotsala.

*Chenjezo:* ngati panopa simuphunzira ngakhale mphindi 30 patsiku, musalembe ndandanda ya maola 6. Yambani ndi ola limodzi, mukalisunga sabata ziwiri muwonjezere. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

3. Konzani malo ndi anthu a pakhomo

Malo ake safunika kukhala apamwamba: pokhala, polembera ndi kuwala kokwanira. Pabedi pasakhale, tulo timabwera msanga. Patebulo pakhale zida za ntchito ya lero zokha.

Foni ikakhale m'chipinda china, kapena mupatse wina akusungireni. Kuitembenuza chafufumimba pambali pa kope sikokwanira, dzanja limapita lokha. Ndipo a pakhomo auzeni nthawi yanu momveka bwino, mwaulemu: "Amayi, kuyambira 5 koloko mpaka 6 ndikhala ndikuphunzira, ngati pali zondituma ndichite panopa." Ntchito zapakhomo mukazigwira nthawi yophunzira isanakwane, oitana amachepa.

4. Dulani nthawi m'zidutswa

Tcherani wotchi mphindi 25, gwirani ntchito imodzi yokha, kenako pumani mphindi 5. Mukachita zimenezi kanayi, pumani nthawi yotalikirapo, mphindi 15 mpaka 30. Njirayi imadziwika ndi dzina loti Pomodoro, ndipo anaiyambitsa Francesco Cirillo wa ku Italy chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, akadali wophunzira pa yunivesite. Ubwino wake waukulu uli poyambira: munthu amaopa maola atatu, koma mphindi 25 saziopa. Ngati masamu akukomerani ndipo wotchi yalira muli pakati pa funso, malizani kaye. Manambalawa si lamulo.

*Chenjezo:* popuma imirirani, yendani, imwani madzi. Mukatenga foni, mphindi 5 zija zimasanduka ola.

5. Werengani kamodzi, tsekani buku, tulutsani za m'mutu

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse, choncho tichedwepo.

Sankhani kagawo kakang'ono, tsamba limodzi kapena awiri. Musanawerenge, sandutsani mutu wake kukhala funso. Ngati mutu ndi photosynthesis, dzifunseni: chomera chimapanga bwanji chakudya chake, chimafuna chiyani, ndipo chimatulutsa chiyani? Kenako werengani mofatsa kamodzi, mukufunafuna mayankho a mafunsowo. Mukafika kumapeto, tsekani buku, liikeni pansi pa mpando ngati mulibe chipiriro, tengani pepala lopanda kanthu mulembe chilichonse chomwe mukukumbuka, m'mawu anuanu.

Ulendo woyamba zimakhala chonchi. Mumalemba kuti chomera chimafuna kuwala kwa dzuwa ndi madzi. Mumalemba kuti zimachitikira m'masamba. Kenako cholembera chimaima. Mukudziwa kuti pali mpweya wina wolowa ndi wina wotuluka, koma uti ndi uti? Pali chinthu chobiriwira chija choyamba ndi "chloro", koma pali mawu awiri ofanana, ndipo simukudziwa kuti ndi liti lomwe ndi malo, ndi liti lomwe ndi mtundu wobiriwirawo. Dzanja limayamba kuyabwa kufuna buku. Musalitenge. Khalani pomwepo mphindi imodzi kapena ziwiri mukulimbana nazo, lembani zomwe mukuganiza kuti n'zoona ngakhale mukukayikira.

Tsopano tsegulani buku, tengani cholembera cha mtundu wina, mukonze. Wolowa ndi carbon dioxide, kudzera m'timabowo ta m'masamba totchedwa stomata. Wotuluka ndi oxygen. Chakudya chopangidwacho ndi glucose. Chlorophyll ndiye chobiriwira chogwira kuwala, ndipo chimapezeka m'ma chloroplast. Mukayang'ana pepala lanu, zolembedwa ndi cholembera chachiwirizo ndizo zomwe simunazidziwe, ndipo ndi zokhazo zofunika kuziwerenganso. Tembenuzani pepala muyesenso.

Njirayi imawawa, ndipo ambiri amaisiya chifukwa imawachititsa kudziona ngati mbuli. Kuwerenga mobwereza kumakoma chifukwa ulendo wachitatu chilichonse chimaoneka chodziwika. Koma kuzindikira chinthu ukachiona ndi kuchitulutsa wekha m'mutu ndi zinthu ziwiri zosiyana, monga mmene umazindikirira nkhope ya munthu pamsewu dzina lake osabwera. Mayeso safunsa nkhope, amafunsa dzina. Mu 2006, Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke a ku Washington University mumzinda wa St. Louis anapatsa ophunzira nkhani zazifupi. Ena anaziwerenga mobwerezabwereza, ena anawerenga n'kumayesa kulemba zomwe akukumbuka. Atayesedwa patangopita mphindi zisanu, owerenga mobwereza aja anachita bwino kuposa anzawo. Atayesedwa patapita sabata, zinthu zinatembenuka: odziyesa aja ndiwo anakumbuka zambiri. Ndiye ngati mukumva kuvutika polemba za m'mutu, musaganize kuti njirayi ikukanika. Kuvutikako ndiyo ntchitoyo.

Ngati kulemba kwakutopetsani, fotokozani ndi pakamwa. Imirirani, yerekezani kuti mukuphunzitsa mwana wa zaka 10, mulankhule mokweza. Pomwe mwayamba kunena kuti "kenako zimangochitika choncho", pamenepo ndiye pali dzenje.

*Chenjezo:* kusuzumira m'buku "pang'ono pokha" musanamalize kulemba kumaononga zonse. Mumakhala mwakopera, n'kudzinamiza kuti mwakumbuka.

6. Masamu ndi zowerengetsa zili ndi kachitidwe kake

Masamu sawerengedwa ngati nkhani. Tengani chitsanzo chomwe chayankhidwa kale m'buku, monga 3(x − 2) = 12. Tsatirani mzere ndi mzere, ndipo pamzere uliwonse dzifunseni kuti "achita chiyani apa, ndipo chifukwa chiyani?" Achulukitsa 3 ndi zonse za m'kati, apeza 3x − 6 = 12. Awonjezera 6 mbali zonse ziwiri, apeza 3x = 18. Agawa ndi 3, x = 6. Mukamvetsa, phimbani yankho ndi pepala, muchite funso lomwelo nokha kuyambira pachiyambi. Mukakhoza, pitani ku mafunso atsopano ofanana nalo. Zolowerani kubweza yankho m'funso: 6 kuchotsa 2 ndi 4, kuchulukitsa ndi 3 ndi 12. Mukatero mwadzichongera nokha popanda mphunzitsi.

Mutu ukayamba kulowa, sakanizani mafunso. M'buku, mafunso onse a pansi pa mutu umodzi amafuna njira imodzi, ndiye mumadziwiratu chochita musanawerenge funso. Pamayeso palibe amene amakuuzani njira. Bwalo la radius ya 7 cm, potenga π ngati 22/7, lili ndi circumference ya 44 cm ndi area ya 154 cm². Wophunzira amene anachita mafunso 20 a circumference Lolemba ndi 20 a area Lachiwiri amakhoza onse, koma pamayeso amasokoneza 2πr ndi πr², chifukwa sanayeserepo kusankha pakati pa ziwirizi. Tengani mafunso awiri apa, atatu apo, kuchokera m'mitu itatu kapena inayi, muwalembe mosakaniza papepala limodzi, mudzawayankhe mawa lake.

*Chenjezo:* funso likakuvutani, lipatseni mphindi 10 musanayang'ane yankho. Mukayang'ana, onani mzere umodzi wokha womwe munakanirirapo, tsekani, mupitirize nokha.

7. Dzichongereni mopanda chisoni, ndipo sungani kope la zolakwa

Pochonga gwiritsani ntchito cholembera cha mtundu wina, ndipo chongani zomwe zili papepala, osati zomwe "mumafuna kunena". Wochonga mayeso sadzaona za m'mutu mwanu. Ngati mwaiwala kulemba cm, mwalakwa. Ngati funso linati "fotokozani" inu n'kungotchula, mwataya malikisi, ngakhale zomwe mwatchulazo zili zoona.

Funso lililonse lomwe mwalakwa lilowe m'kope lachiwiri lija. Gawani tsamba m'zigawo zinayi: funso, zomwe ndinalemba, yankho lolondola, chifukwa chomwe ndinalakwira. Chigawo chomalizachi ndicho chofunika kwambiri, ndipo ndi chomwe anthu amachidumpha. Mwachitsanzo: funso linali −3(x − 2), ndinalemba −3x − 6, lolondola ndi −3x + 6, chifukwa ndinaiwala kuti minus ikachulukitsidwa ndi minus imabala plus.

Pakatha sabata ziwiri, werengani chigawo cha zifukwacho kuchokera pamwamba mpaka pansi. Mudzapeza kuti zolakwa zanu si zambirimbiri ayi, ndi zochepa zomwe zimangobwerabwera zitavala zovala zina. Ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Ngati simunkadziwa n'komwe, bwererani ku buku. Ngati munkadziwa koma munaiwala, chinthucho chipite pakhadi. Ngati simunawerenge funso bwino, zolowerani kudula mzere kunsi kwa mawu olamula musanayambe kuyankha. Ngati munapupuluma, siyani mphindi zowerengeranso mayankho. Munthu amene vuto lake ndi kupupuluma akabwerera kukawerenga chaputala chonse, wataya tsiku pachabe.

Chimangirizo ndi mayankho aatali zimavuta kudzichongera. Zisiyeni zigone usiku umodzi, mawa muziwerenge mokweza. Khutu limagwira ziganizo zopunduka zomwe diso limazidumpha. Kenako pambali pa ndime iliyonse lembani mfundo yake m'mawu asanu. Ndime yomwe mwalephera kutero ilibe mfundo, kapena ili nazo zitatu zothithikana.

8. Bwererani ku zakale musanaziiwaliretu

Zomwe mwaphunzira lero zimayamba kuthawa lero lomwe. Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anadziyesa yekha poloweza timawu topanda tanthauzo, ndipo zotsatira zomwe anafalitsa mu 1885 zinaonetsa kuti kuiwala kumathamanga kwambiri m'maola ndi masiku oyambirira, kenako kumachepa liwiro. Choncho mutu womwe mwaphunzira lero muubwerere mawa, kenako pakapita masiku atatu, kenako sabata, kenako sabata ziwiri, kenako mwezi. Masikuwa alembeni pakalendala nthawi yomweyo mukangomaliza mutuwo, apo ayi simudzakumbuka. Ndipo kubwerera sikutanthauza kuwerenganso. Ndi pepala lopanda kanthu lija, mphindi 10 zokha, kenako kukonza ndi cholembera chachiwiri.

Zinthu zing'onozing'ono monga matanthauzo a mawu, mafomula, zaka ndi mawu a chinenero china zimayenda bwino pamakadi. Kutsogolo lembani funso limodzi, kumbuyo yankho lalifupi. Maenvelopu atatu aja alembeni 1, 2 ndi 3. Makadi onse atsopano amayambira mu 1, yomwe mumaitsegula tsiku lililonse. Khadi lomwe mwakhoza lipite mu 2, yotsegulidwa pakapita masiku atatu. Mukalikhozanso lipite mu 3, ya kamodzi pasabata. Mukalilakwa, kulikonse komwe lili, libwerere mu 1. Njira ya makadi imeneyi anaifalitsa mtolankhani wa ku Germany, Sebastian Leitner, m'zaka za m'ma 1970, ndipo mapulogalamu ngati Anki amachita zofanana ndi zimenezi pafoni kapena pakompyuta. Ine ndimakonda za katoni, chifukwa sizilira uthenga ukalowa.

*Chenjezo:* nenani yankho mokweza kapena lilembeni musanatembenuze khadi. Mukangotembenuza n'kuti "eya, ndimadziwa", khadilo lidzakwera mpaka envelopu yachitatu mutu muli mbee.

9. Mukakanirira, funsani mwanzeru

Apa ndi pomwe kusowa kwa mphunzitsi wapadera kumamveka kwenikweni. Pali zinthu zina zomwe mungaziwerenge kasanu osalowa. Choyamba, pezani pomwe penipeni mwasokonekera. "Sindikumva kemisitiri" si funso, palibe angakuthandizeni nalo. "Ndikumvetsa kuti atomu ya sodium imataya electron imodzi, koma sindikumvetsa chifukwa chake ikatero imakhala positive" ndi funso loti munthu angaliyankhe m'mphindi ziwiri. Nthawi zina mukangolilemba bwino chonchi, yankho limadzionekera lokha.

Likapanda kuoneka, yesani buku lina. Olemba awiri safotokoza chinthu mofanana, ndipo laibulale kapena mnzanu wa kusukulu ina angakhale ndi buku lomwe lingakutsegulireni. Ngati muli ndi intaneti, Khan Academy ili ndi maphunziro aulere a masamu ndi sayansi, ndipo pa YouTube pali aphunzitsi ambiri. Lowani ndi funso limodzi lolemba papepala, mukapeza yankho tulukani, ndipo mukatha kuonera chitani funso lofanana nalo nokha. Kuonera munthu akuchita masamu kuli ngati kuonera munthu akupalasa njinga: zimaoneka zophweka mpaka utakwera. Mapulogalamu a pafoni kapena pakompyuta oyankha mafunso (AI) nawonso amathandiza kufotokoza, koma amatha kulakwa molimba mtima, choncho zomwe akuuzani muzitsimikizire m'buku, ndipo musawapatse ntchito yanu kuti akuchitireni.

Mafunso otsala asungeni kumapeto kwa kope, mupite nawo kwa aphunzitsi anu a m'kalasi. Ambiri amaopa, koma mphunzitsi amasangalala ndi wophunzira wobwera ndi pepala loonetsa pomwe wayesa: "Aphunzitsi, ndafika apa, mzere wotsatirawu ndi womwe wandikanika." Safunsa anadya phula.

Gulu la anzanu limathandizanso likakhala laling'ono, anthu atatu kapena anayi, lokumana kamodzi pasabata. Aliyense abwere ataphunzira kale yekha, ali ndi mafunso asanu ofunsa anzake. Gulu lokumana kuti "tiwerenge limodzi" limathera m'macheza.

10. Lembani mayeso athunthu, ngati enieni

Kukatsala sabata zisanu ndi imodzi kapena zisanu ndi zitatu kuti mayeso ayambe, yambani kulemba pepala lathunthu kamodzi pasabata. Wotchi patsogolo, buku kutali, osadzuka mpaka nthawi itatha. Musanayambe, gawani nthawi ndi malikisi: pepala la malikisi 100 m'maola awiri likupatsani mphindi imodzi ndi masekondi 12 pa malikisi amodzi, ndiye funso la malikisi 5 lisakudyereni kuposa mphindi 6. Mukatha chongani, zolakwa zilowe m'kope, ndipo ndandanda ya sabata yotsatira ichokere m'zolakwazo.

*Chenjezo:* sungani mapepala awiri kapena atatu osawayang'ana n'komwe mpaka nthawi imeneyi. Pepala lomwe munaliona kale limakupatsani malikisi abodza.

Zolakwika zomwe ambiri amachita

*Kukopera manotsi mwaukhondo.* Ine ndinali katswiri pa zimenezi. Ndinali ndi kope la bayoloje lokongola, mitu yolembedwa ndi cholembera chofiira, zithunzi zopakidwa mitundu, moti anzanga ankalibwereka. Tsiku lina mnzanga wina atalibweza anandifunsa kusiyana kwa artery ndi vein, zomwe ndinali nditazilemba ndi dzanja langa masiku awiri m'mbuyomo, ndipo ndinangoti kakasi. Dzanja limatha kukopera tsamba lonse mutu uli kwina. Mu 2013, John Dunlosky ndi anzake anaunika njira 10 zomwe ophunzira amagwiritsa ntchito. Kudziyesa ndi kugawa kuphunzira m'masiku osiyanasiyana ndi zomwe anaziika pamwamba, pomwe kudula mizere kunsi kwa mawu ndi kuwerenga mobwereza anaziika m'gulu la zothandiza pang'ono. Zomwe zili pansizo ndi zomwe ambirife timathera nazo madzulo athu.

*Kuwerengera maola m'malo mwa ntchito.* "Ndakhala maola asanu" sizitiuza kanthu. Mwayankha mafunso angati, ndipo mwakhoza angati?

*Kuthawira ku phunziro lomwe mumalikonda.* Limakoma chifukwa mumalidziwa kale. Kuchoka pa malikisi 80 kufika pa 85 n'kovuta kuposa kuchoka pa 35 kufika pa 50, ndipo malikisi 15 amenewo ali m'phunziro lomwe mukulizembalo. Liyambeni loyamba, mtima usanayambe kukambirana nanu.

*Kuloweza zomwe simunazimvetse.* Tanthauzo loloweza ngati nyimbo limagwa lonse mukangoiwala liwu limodzi, ndipo funso likangotembenuzidwa pang'ono simulizindikira. Mvetsani kaye, fotokozani m'mawu anu, kenako lowezani mawu enieni ngati mayeso amawafuna.

*Kusonkhanitsa mabuku ndi manotsi a ena.* Foni yodzaza mabuku osatsegulidwa imapatsa mtima chitonthozo chabodza. Buku limodzi labwino lomwe mwayankha mafunso ake onse likuposa khumi ongosunga.

*Nyimbo za mawu pophunzira.* Mawu a nyimbo amalimbirana malo ndi mawu a m'buku. Ngati pakhomo pali phokoso loti mulitseke, sankhani zopanda mawu.

*Kuchezera usiku wonse.* Zomwe mwaphunzira masana zimakhazikika m'mutu mukagona, ndiye kudula tulo n'kudula kuphunzira komweko. Bungwe la American Academy of Sleep Medicine limalangiza maola 8 mpaka 10 kwa a zaka 13 mpaka 18, ndi maola osachepera 7 kwa akuluakulu. Usiku woti mawa ndi mayeso musayambe mutu watsopano. Tsegulani kope la zolakwa, liwerengeni theka la ola, longedzani zolembera, kagoneni.

*Kutaya ndandanda yonse chifukwa chojomba masiku awiri.* Kudwala kumabwera, alendo amabwera, ulesi nawonso umabwera. Musayese kubweza maola onse otayika tsiku limodzi, ndipo musadikire Lolemba kapena mwezi watsopano kuti muyambirenso. Ntchito zomwe munadumpha zisunthireni ku tsiku lopanda ntchito lija. Zikapanda kukwanamo, fufutani yomwe ili ya mutu wochongedwa kale, musunge ya mtanda. Kenako yang'anani pakalendala zomwe munalemba pa tsiku la lero, tcherani wotchi mphindi 25, muyambe funso loyamba.